Mnzako akakomoka ndi mowa, mugoneke chammbali

Makolo a kwa Champiti akabwera ndi mwana womwa kachasu kapena wosuta chamba, amafuna ndimuuze mawu amodzi: siya. Ndimamuuza ndithu. Koma ife anamwino a matenda a maganizo tikudziwa kuti mnyamata wa zaka 16 amagwedeza mutu m'chipinda muno, Loweruka n'kupezekanso pamsika kabotolo kali m'thumba. Ndiye ndimafunsa zina: umamwa chiyani, ndi yani, utadya kapena ayi, nanga kunyumba umabwerera bwanji?

Ena amati uku n'kumulekerera mwana. Ayi. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa osakwana zaka 18, ndipo lamulo la chamba la 2020 linaloleza cha mankhwala ndi cha m'mafakitale chokha, osati chosuta. Koma masacheti a mowa ataletsedwa mu 2015, mowa waukaliwo unangosamukira m'timabotolo. Mwana amene sanakonzeke kusiya ndimafuna adzafike wamoyo tsiku limene adzakonzeke.

Choncho timapangana zinthu zotheka. Asamwe m'mimba mulibe kanthu. Asaphatikize mowa ndi mapiritsi ogonetsa monga diazepam, chifukwa ziwirizi zikakumana zimafooketsa kupuma. Asakwere kabaza wa munthu woledzera. Asamwe chosadziwika kochokera. Ku Manase mu Blantyre anthu anafa mu 2024 ndi mowa wotchedwa Ambuye Ntengeni. Mnzake akakomoka, asamukhuthulire madzi kapena kumusiya chagada n'kumati atsitsimuka yekha. Amugoneke chammbali kuti masanzi asamutsamwitse, ndipo kupuma kukamavuta athamangire naye kuchipatala.

Chimene chimachedwetsa ana kuitana akulu ndi mantha a chikwapu. N'chifukwa chake makolo ndimawapempha lonjezo limodzi, ngakhale abambo ambiri amayamba andiyang'ana kaye moipidwa: mwana akaimba foni usiku, kam'tengeni, mlandu mukambe mawa.

Pa chamba sindinyengerera ngati kumtundu kuli odwala misala, poti kwa mwana wotere chikhoza kudzutsa matendawo. Koma amene wakhala akumwa mowa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Thupi limanjenjemera, ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba. Ameneyo aonedwe kuchipatala cha boma ku Ntcheu, ndipo zikakula amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Lilongwe.