Maenvulopu a nthawi ya atsamunda ayamba kusakidwa: okongola ndi ambiri, osowa ali kumudzi

ULÓNGUÈ — M'nyumba zambiri za ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde muli kabokosi kachitsulo kapena sutikesi yakale imene ana saloledwa kuigwira. M'katimo mumakhala khadi la ubatizo, kaderneta ya msonkho, chithunzi cha malemu atavala jekete ya ku Salisbury, komanso makalata akale ali m'maenvulopu ake. Mwini zinthu akatsikira kuli chete, mapepala amenewa nthawi zambiri amathera pa moto, ena amapichirira fodya. Ndi anthu ochepa amene amadziwa kuti ku Lisboa, ku London ndi ku Johannesburg kuli anthu amene amalipira ndalama kuti apeze maenvulopu a ku Moçambique a nthawi ya Apwitikizi.

Chizolowezi chotolera masitampa, amene ena kuno amawatchula kuti maselu, pa Chipwitikizi chimatchedwa filatelia. Pakati pa otolerawa pali gulu limene silifuna sitampa yokha yomatula, koma envulopu yonse yathunthu. Ambiri mwa iwo amayamba ndi maenvulopu achikumbutso.

Envulopu yachikumbutso siivuta kuizindikira. Kumanzere kwake kumakhala chithunzi chosindikizidwa bwino, kumanja kumakhala sitampa yatsopano, ndipo pamwamba pa sitampayo pamakhala chidindo chapadera chosonyeza tsiku ndi malo. Kawirikawiri pamalembedwa mawu akuti Primeiro dia de circulação, kutanthauza tsiku loyamba limene sitampayo inayamba kugwira ntchito. A positi a boma la atsamunda, amene ankadziwika ndi zilembo zakuti CTT, ankakonza maenvulopu otere makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, nthawi iliyonse pakatuluka masitampa atsopano kapena pakabwera mlendo wamkulu wochokera ku Portugal. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa maenvulopuwa alibe kalata m'kati, ndipo ena alibe ngakhale dzina la wolandira. Ankagulidwa pa windo la positi ku Lourenço Marques kapena ku Beira, n'kudindidwa pomwepo, n'kukalowa m'buku la wotolera osayendako ulendo uliwonse.

Ngamila za ku Niassa

Mbiri ya positi ya dziko lino ndi yosokonezeka kusiyana ndi ya maiko oyandikana nalo, ndipo n'chifukwa chake otolera amaikonda. Kwa zaka zambiri Moçambique sanali kulamulidwa ndi dzanja limodzi. Boma la Portugal linabwereketsa zigawo zikuluzikulu kwa makampani, ndipo awiri mwa makampaniwo anali ndi mphamvu yotulutsa masitampa awoawo.

Companhia do Niassa inapatsidwa dera lonse la pakati pa mitsinje ya Rovuma ndi Lúrio, kuchokera kunyanja yamchere mpaka ku nyanja ya Niassa, ndipo inalamulira mpaka 1929. Mu 1901 kampaniyi inatulutsa masitampa osindikizidwa ku London ndi Waterlow & Sons, okhala ndi nkhope ya mfumu Carlos pakona. Pakati pa masitampa ena panali kadyansonga, pa ena panali ngamila ziwiri. Munthu wa ku Metangula kapena ku Cóbuè akawaona angaseke, pakuti ngamila sinapondepo ku Niassa. Koma masitampawo sanakonzedwere anthu a ku Niassa. Ambiri ankagulitsidwa kwa otolera a ku Ulaya, ndipo kampaniyo inkapeza phindu pa malonda amenewo. Ena anatuluka chithunzi chapakati chili chadodolido, ndipo amenewo anafunidwa kwambiri. Patapita nthawi akathyali anayamba kusindikiza abodza, moti mpaka lero wogula amayenera kusamala.

Pa nthawi imene ana a ku Ulaya ankamata kadyansonga m'mabuku awo, anthu a m'dera la kampaniyo ankathawira ku Nyasaland ndi kutsidya kwa Rovuma chifukwa cha msonkho wa nyumba ndi chibalo. Zimenezo pa sitampa sizioneka.

Companhia de Moçambique, imene likulu lake linali ku Beira, inalamulira Manica ndi Sofala mpaka 1942. Mu 1935 inatulutsa zinthu ziwiri zimene zimakhudza anthu a m'malire muno. Choyamba ndi sitampa yokumbukira kutsegulidwa kwa mlatho wa njanji wa Dona Ana, wolumikiza Sena ndi Mutarara pa Zambezi, wotalika mamita oposa 3,600. Mlathowo ndi umene unachititsa kuti sitima ya pamtunda iziyenda kuchokera ku Beira mpaka ku Nyasaland popanda kuolotsa katundu pa madzi. Chachiwiri ndi masitampa a makona atatu okumbukira kuyamba kwa ulendo wa ndege pakati pa Blantyre, Beira ndi Salisbury. Masiku amenewo ndege ikamayamba njira yatsopano, otolera ankatumiza maenvulopu kuti akwere nawo ulendo woyambawo, kenaka n'kuwabwerera ali ndi zidindo za uku ndi uku. Maenvulopu oterowo amaposa anzawo aja a pa windo, chifukwa iwo anayendadi.

Naye Tete anakhalapo ndi masitampa a dzina lake. Mu 1913 boma linatenga masitampa otsala a Vasco da Gama a ku Macau, ku Timor ndi a maiko ena a Apwitikizi mu Africa, n'kudindapo mawu akuti REPUBLICA ndi TETE. Mu 1914 kunabwera ena osonyeza mayi wogwira chikwakwa, amene Aroma akale ankamutcha Ceres, mulungu wawo wa zaulimi. Sanakhalitse. Pofika m'zaka za m'ma 1920 chigawochi chinali chitayamba kugwiritsa ntchito masitampa a Moçambique yense. Envulopu yeniyeni imene inayenda ndi sitampa yolembedwa TETE ndi chinthu chosowa kwambiri.

Zimene boma linkafuna kuti dziko lione

Munthu akaika maenvulopu achikumbutso a zaka za 1950 mpaka 1974 pa mphasa motsatira zaka zake, amaona Moçambique wamtendere ndi wokoma. Mu 1951 kunatuluka masitampa 24 a nsomba za mitundumitundu, amene mpaka lero amatamandidwa chifukwa cha kuwala kwa mitundu yake. Mu 1953 kunabwera agulugufe. Mu 1961 kunatuluka zizindikiro za mizinda 17, kuphatikizapo Tete ndi Vila Cabral. Panalinso masitampa a maulendo a atsogoleri a ku Portugal: Carmona mu 1939, Craveiro Lopes mu 1956, ndi Américo Tomás mu 1964.

Zaka zimenezi n'zofunika kuziyang'anitsitsa. Chaka cha nsomba chija, 1951, ndi chimene Portugal inasiya kutchula maiko ake a mu Africa kuti makoloni n'kuyamba kuwatcha zigawo zake za kutsidya kwa nyanja, ngati kuti Tete ndi Porto ndi mudzi umodzi. Chaka cha zizindikiro za mizinda, 1961, ndi chimene lamulo la indigenato linathetsedwa pa pepala, lamulo limene linkaika munthu wakuda pansi pa sipayi ndi kaderneta. Ndipo Américo Tomás atangobwerera kwawo, pa 25 September 1964 nkhondo yomenyera ufulu inayamba ku Chai, m'chigawo cha Cabo Delgado. Nkhondoyo inafika ku Tete mu 1968. Anthu anasonkhanitsidwa m'midzi yampanda ya aldeamento, ndipo mu December 1972 kunachitika kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu. M'zaka zonsezo positi ya ku Lourenço Marques sinasiye kudinda maenvulopu a mayunifomu a asilikali akale, zombo za pa nyanja ndi nkhope za akuluakulu a ku Portugal.

Izi sizikutanthauza kuti maenvulopuwo ndi opanda ntchito. Ndi umboni wabwino wa mmene atsamunda ankafunira kuoneka, ndipo mphunzitsi wa mbiri atakhala nawo angaphunzitse nawo bwino kuposa ndi choko chokha. Koma amene akuganiza kuti alemera nawo adziwe kuti anasindikizidwa ambiri, anasungidwa bwino, ndipo Apwitikizi obwerera kwawo mu 1974 ndi 1975 anawanyamula ochuluka. Pa misika ya otolera ku Portugal ambiri a iwo amagulitsidwa pa mtengo wotsika.

Nkhondo ija inasiya mtundu wina wa kalata. Asilikali a Chipwitikizi ankalembera kwawo pa aerograma, pepala limodzi lopinda limene linali kalata ndi envulopu pamodzi, ndipo sankalipira sitampa. Ankaligawa ndi a bungwe la amayi la Movimento Nacional Feminino. Nawonso achinyamata a kuno amene analembedwa usilikali ankaligwiritsa ntchito, choncho si zachilendo kulipeza m'mudzi.

Envulopu yakuda ya kumudzi

Chimene otolera odziwa bwino ntchito yawo amasowa ndi envulopu wamba, yothimbirira, imene inadindidwa pa positi yaing'ono. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pa nthawi ya ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Kalata yochoka kumudzi inkalembedwa ndi mphunzitsi wa ku mishoni, katekisita, kapena mwana amene anaphunzirako ku Dedza kapena ku Ntcheu. Makalata otuluka m'mapositi a m'maboma akutali anali ochepa, ndipo osungika ndi ochepetsetsa. Chiswe chinadya ena. Ena anapsa pa nkhondo ya zaka 16, pamene anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi atanyamula mwana ndi mphika basi. Amene anabwerera pambuyo pa mgwirizano wa ku Roma wa pa 4 October 1992 ambiri anapeza mabwinja.

Chidindo cha pa envulopu yotere chimasunga dzina limene pa mapu a lero palibe. Ulónguè ankatchedwa Vila Coutinho, Lichinga anali Vila Cabral, Cuamba anali Nova Freixo, Pemba anali Porto Amélia, Chimoio anali Vila Pery. Mwana wa sukulu wa lero akaona Vila Coutinho pa kalata ya agogo ake angaganize kuti inachokera ku Ulaya, chonsecho inadindidwa pa boma pomwepa pamene iye amakagulitsa mbatata. Maina ena monga Furancungo, Zóbuè, Fíngoè ndi Zumbo sanasinthe, koma zidindo zake zakale sizipezeka wamba.

Kuseri kwa envulopu nthawi zina kumakhala zidindo zina za malo amene kalata inadutsa, ndipo munthu angathe kuwerenga masiku amene inatenga pa njira. Palinso makalata obwera, ochokera kwa abambo amene anapita ku mapulazi a fodya ku Southern Rhodesia kapena ku migodi ya ku Joni pa Wenela. Ena ankalembedwa pa adiresi ya mishoni kapena ya mwini kantina, ena ankadzera kwa wachibale wa ku Nyasaland chifukwa positi ya kumeneko inali pafupi kuposa ya kwawo. Envulopu yotero imafotokoza mmene banja la m'malire linkakhalira ndi mwendo umodzi uku, wina uko.

Kusamala ndi kugulitsa

Cholakwika chachikulu chimene anthu amachita ndi kumatula kapena kudula sitampa n'kutaya envulopu. Sitampa yokha nthawi zambiri siifika mtengo wa botolo la zoziziritsa kukhosi. Mtengo uli pa zonse pamodzi: sitampa, chidindo, adiresi ndi njira imene kalata inayenda. Envulopu isatsukidwe, isasitidwe, isamatidwe ndi guluu kapena selotepi, ndipo isakutidwe ndi pulasitiki yowotcha ija imene amakutira makhadi, chifukwa ikalowa m'menemo siitulukanso. Iikidwe chogona pakati pa mapepala oyera ouma, m'chitini chotseka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma lachinyontho ndi utsi wa kukhitchini. Dzinja likatha ndi bwino kutsegula chitinicho n'kuona ngati mphemvu sizinalowe.

Kugulitsa ndi nkhani ya banja, osati ya mwana mmodzi amene wapeza kiyi. M'kati mwa envulopu muli mawu a munthu, mwina za malowolo, za ngongole, za munda, kapena za mwana wobadwira kunja, ndipo kalata yotero nthawi zina imathandiza pa mlandu wa malo kwa amfumu. Wogula wachilendo akabwera n'kunena kuti atenga bokosi lonse pa mtengo umodzi, pamenepo mpofunika kudekha, pakuti iye amadziwa chimene akufuna ndipo mwini wake sadziwa. Kujambula envulopu iliyonse pa foni, kutsogolo ndi kuseri, n'kufunsa kwa anthu angapo musanavomere mtengo, sikudya ndalama. Amene akufuna kuti mapepala a makolo awo akhale m'dziko muno angafunse ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, imene ili pansi pa Universidade Eduardo Mondlane.

Nthawi ya atsamunda inathera pa masitampa ake omwe. Mu 1975 boma latsopano linatenga otsala a Apwitikizi n'kudindapo mawu akuti INDEPENDÊNCIA 25 JUN 75, ndipo makalata a miyezi yoyamba ya ufulu anayenda ndi zithunzi zakale zokhala ndi tsiku latsopano pamwamba. Mitengo yake inali idakali m'maeskudu mpaka pamene metikali inabwera pa 16 June 1980. Kampani ya boma ya Correios de Moçambique inapitiriza ntchitoyo kwa zaka zambiri, koma mafoni a m'manja atafala makalata anachepa, ndipo mu 2021 boma linalamula kuti kampaniyo ithetsedwe.