Luso lilipo ku Dedza, koma alenje ake ndani?

Pomwe ligi ya TNM Super League imafika kumapeto m'chaka cha 2023, katswiri yemwe adamwetsa zigoli zambiri sadali wa Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers monga anthu adazolowerera. Adali Clement Nyondo wa Dedza Dynamos, timu yomwe idali itangolowa kumene muligiyi mu 2022.

Ligi ya 2024 isadayambe, Nyondo adali atavala kale makaka a Manoma. M'kati mwa chaka chomwecho, Maule ndi Manoma adakokanakokana polimbirana Promise Kamwendo, womwetsa zigoli winanso wa Dynamos, ndipo naye adakathera ku Lali Lubani.

Anyamata awiriwa adaoneka chifukwa amasewera muligi yomwe imamveka pawailesi sabata ndi sabata. Nanga mwana wa zaka 13 yemwe akuthamangitsa chikulunga pabwalo la sukulu ku Mayani, Lobi, Thete kapena Bembeke angamuone ndani? Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Dedza lili ndi anthu oposa 830,000, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Mwa onsewa, omwe amafika pa Dedza Stadium atavala jombo ndi owerengeka.

Zoti luso lilipo m'bomali si zokayikitsa. Esau Kanyenda, yemwe ochemerera adamupatsa dzina loti Black Mamba, adabadwira ku Dedza mu 1982, koma adakatchukira ku Dwangwa mutimu ya Dwasco. Mu 2001 adapita ku Jomo Cosmos ya ku South Africa, mu 2003 adalowera ku Rostov m'dziko la Russia, kenaka adaseweranso Lokomotiv Moscow. Adali nawo mu Flames yomwe idapita ku Angola mu 2010 n'kukathambitsa Algeria 3-0.

Mwini wake wa Cosmos, Jomo Sono, adatchuka ndi diso lake lozindikira osewera. Mutimu yakeyo mudadutsa Philemon Masinga, Mark Fish komanso Benjani Mwaruwari wa ku Zimbabwe, yemwe makolo ake kwawo n'kuno ku Malawi ndipo adakafika mpaka ku Manchester City mu 2008.

Komatu diso la munthu mmodzi silingafike phiri lililonse. M'maiko ena kusaka osewera ndi ntchito yolembedwa, yokhala ndi miyeso komanso malipoti ake. Amodzi mwa masewero omwe adapita nayo patali ntchitoyi ndi baseball ya ku America, ndipo ngakhale masewerowa ndi achilendo kwa Amalawi ambiri, kasakidwe kake kali ndi phunziro kwa okonda mpira ku Dedza.

Momwe alenje a baseball amasakira

Mu baseball wina amaponya kampira kolimba, kaching'ono ngati lalanje, mnzake n'kukamenya ndi chibonga kenaka kuliyatsa liwiro kuzungulira malo anayi. Ligi yaikulu ya Major League Baseball ili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse ili ndi anthu ake omwe ntchito yawo n'kuyendayenda m'masukulu ndi m'mabwalo ang'onoang'ono kuonerera ana.

Mlenje wotere akafika pabwalo sachita chidwi kwenikweni ndi timu yomwe yapambana. Amayang'ana zinthu zisanu mwa wosewera mmodzimmodzi: kumenya mpira mosaphonyaphonya, mphamvu zoumenyera kutali, liwiro, kuwakha, ndi mphamvu za mkono poponya. Chilichonse amachipatsa malikisi kuyambira 20 kulekeza 80, ndipo 50 ndiye mulingo wa wosewera wamba wa muligi yaikulu.

Liwiro saliyeza ndi maso okha. Mwana amathamanga mayadi 60, omwe ndi pafupifupi mamita 55, mlenje ali ndi wotchi m'manja. Kwa oponya mpira amagwiritsa ntchito kachipangizo kofanana ndi komwe apolisi apamsewu amayezera liwiro la galimoto. Oponya ambiri a muligi yaikulu amafika makilomita 150 pa ola.

Chachikulu kwambiri n'chakuti lipoti limakhala ndi malikisi awiri: momwe mwanayo alili lero ndi pomwe angadzafike akakhwima. Apa ndiye pagona ntchito yonse. Mlenje amayang'ana msinkhu, mapewa, ngakhale kutalika kwa makolo, kuti aone ngati thupi la mwanayo lidzakule. Amafunsanso aphunzitsi za khalidwe lake, ngati amamva malangizo komanso momwe amachitira zinthu zikamuvuta.

Lipoti la munthu mmodzi silikwanira. Timu imatumiza mlenje wachiwiri kuti akatsimikize, yemwe amamuyerekeza mwanayo ndi anzake a m'zigawo zina. Pansi pa onsewa pali anthu wamba, makamaka aphunzitsi ndi makochi a m'madera, omwe amatsina khutu alenje akaona mwana wodabwitsa. Ku America anthu amenewa amawatcha dzina lanthabwala lotanthauza agalu osakira mbalame.

Diso limanama

Ngakhale pali miyeso yonseyi, alenje amaphonya. Mu 1980 timu ya New York Mets idasankha Billy Beane m'ndime yoyamba ya chisankho cha osewera achinyamata. Alenje adamuona kuti ali ndi zonse zisanu, thupi lake lili ngati lochita kuumba. Koma chidali chikomekome cha nkhuyu, muligi yaikulu sadaphule kanthu.

Mike Piazza zake zidali zosiyana. Mu 1988 adasankhidwa pa nambala 1,390, ndipo Los Angeles Dodgers idamutenga chifukwa kochi wake, Tommy Lasorda, adali mnzawo wa bambo a Piazza. Yemweyo adadzakhala mmodzi mwa akatswiri otchuka m'mbiri ya masewerowa, ndipo mu 2016 dzina lake lidalowa m'nyumba ya ngwazi za baseball.

Beane atakhala mkulu woyendetsa timu ya Oakland Athletics adaganiza zosiya kudalira maonekedwe a wosewera n'kuyamba kuwerenga manambala a zomwe wachita pabwalo. Mu 2002 timu yakeyo, yomwe idali ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi zinzake, idapambana magemu 20 motsatizana. Nkhaniyi idalembedwa m'buku la Michael Lewis lotchedwa Moneyball mu 2003. Lero matimu amaphatikiza zonse ziwiri, diso la mlenje ndi manambala a pakompyuta, poti chilichonse pachokha chimapereweza.

Alenjewa adafika kale mu Africa. Gift Ngoepe wa ku South Africa adakulira m'kachipinda ka pabwalo la timu ya Randburg Mets, komwe mayi ake amagwira ntchito. Adamuona kumaphunziro a baseball m'dziko la Italy ndipo Pittsburgh Pirates idamusainitsa mu 2008. Padatenga zaka pafupifupi 9 akuvutika m'matimu ang'onoang'ono kufikira pa 26 April 2017, pomwe adakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera muligi yaikulu. Ku Uganda, Dodgers idasainitsa Ben Serunkuma ndi Umar Male mu 2022, ndipo Pirates idatenga David Matoma mu 2023. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhani ya zaka

Malikisi a m'tsogolo amakhala opanda pake ngati zaka za mwana n'zabodza. Mnyamata wa zaka 20 yemwe akusewera ndi ana a zaka 16 amaoneka ngati chilombo, chonsecho adafika kale pomwe akadafika.

Timu ya Washington Nationals idalawa zowawa zake. Mu 2006 idapereka madola 1.4 miliyoni kwa mnyamata wa ku Dominican Republic yemwe amadziwika kuti Esmailyn Gonzalez wa zaka 16. Mu 2009 zidaululika kuti dzinalo silidali lake ndipo adadula zaka zinayi. Mu 2011 timu ya ana ya ku Uganda idapambana mwayi wokasewera mpikisano wa dziko lonse wa Little League ku America, koma idakanizidwa ziphaso zolowera m'dzikomo kaamba koti zikalata za kubadwa kwa ana ena sizimagwirizana. Timu ina ya ku Uganda komweko ndiyo idapita chaka chotsatira.

Mu mpira wamiyendo vutoli ndi lomwelo, n'chifukwa chake kuyambira 2009 bungwe la Fifa lidayamba kuunika mafupa a padzanja ndi makina m'mipikisano ya osapitirira zaka 17. Kuno kwathu kulembetsa mwana akabadwa kudakhala kokakamiza mu 2015, ndipo ziphaso za unzika zidayamba kuperekedwa mu 2017. Kholo la ku Kasumbu kapena kwa Kaphuka lomwe lasunga chikalata cha kubadwa cha mwana wake lamusungira chinthu choyamba chomwe timu yakunja idzafunse.

Mwayi kapena dongosolo?

Akatswiri ambiri a dziko lino adatulukira mwamwayi. Tabitha Chawinga adayamba kusewera ndi anyamata kwawo ku Rumphi asadapite ku DD Sunshine ya ku Lilongwe. Khomo la ku Sweden lidatseguka mu 2014 chifukwa mayi wina yemwe adamuona akusewera kuno adakamuchitira umboni kutimu ya Krokom/Dvärsätts. Kuchoka apo adamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense muligi ya Sweden mu 2017 komanso ya Italy mu 2023. Mng'ono wake Temwa adamwetsa zigoli 20 muligi ya amayi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse.

Mayi uja akadapanda kudutsa ku Lilongwe, nkhani ya banja la a Chawinga mwina ikadakhala ina. Sukulu ya mpira ya Ascent Soccer ya ku Lilongwe yaonetsa kuti kusaka mwadongosolo n'kotheka: imayendera ana m'maboma, kuwasunga, kuwaphunzitsa mpira ndi sukulu yomwe. Mmodzi mwa ana ake, Rose Kabzere, adapita ku Montpellier ya ku France mu 2024.

M'madera ambiri a Dedza mpira umatentha nthawi ya mabonanza ndi zikho za andale. Fumbi limakwera, opambana amalandira yunifolomu ndi kandalama, koma chikho chikatha sipatsala pepala losonyeza yemwe adasewera, zaka zake ndi zomwe adachita.

Kusalemba kumeneku kumaluzitsa ndalama. Malamulo a Fifa amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya mtengo wake igawidwe kumatimu omwe adamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma timu imalandira pokhapokha ngati mwanayo adalembetsedwa m'kaundula wa bungwe loyendetsa mpira, kuno kwathu Football Association of Malawi. Katimu ka kumudzi komwe kadamugulira jombo zoyamba koma sikadamulembetse kamangomvera pawailesi anzake akudyerera.

Malamulo omwewo amaletsa kusamutsira kunja mwana wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa monga makolo akasamuka pa nkhani zosakhudza mpira. Choncho munthu wobwera pamudzi ndi lonjezo lotengera mwana wa zaka 15 ku Ulaya, uku akupempha makolo kuti agulitse mbatatesi kapena ng'ombe kuti alipire ulendo, ngofunika kumuthawa. Mlenje weniweni amalipidwa ndi timu yomwe yamutuma.

Zida zoyambira ntchitoyi sizodula. Foni ya m'manja ili ndi wotchi komanso kamera, tepi yoyezera imapezeka kwa mmisiri aliyense, ndipo kope ndi bolopeni zili m'sitolo iliyonse pa Linthipe kapena pa Chimbiya. Mphunzitsi wa zamasewero atha kulemba dzina la mwana, tsiku lobadwa, msinkhu, liwiro lake pa mamita 30, mwendo womwe amamenyera ndi khalidwe lake, n'kubwerezanso teremu iliyonse. Pakatha zaka zitatu kopelo limaonetsa yemwe akukwera ndi yemwe waima, zomwe gemu imodzi ya bonanza singaonetse.

Dedza ili pamtunda wa makilomita osafika 100 kuchokera ku Lilongwe pamsewu wa M1, ndipo kufika kwa Dynamos muligi yaikulu mu 2022 kudachititsa kuti matimu akuluakulu ayambe kuponda m'bomali. Chomwe chatsala n'choti makochi a matimuwa akafika apeze aphunzitsi a ku Mtakataka, Golomoti ndi Chafumbwa ali ndi maina m'manja, zaka zake zili zoona. M'mera m'poyamba.