Kabokosi Kosintha Mawu a Gitala

Aliyense amene adayendapo ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri la Mulanje m'boma la Phalombe, kufupi ndi malire a Mozambique, akudziwa kuti kumeneko, monganso m'midzi yambiri ya m'dziko muno, mnyamata wofuna kuimba sadikira kuti apeze ndalama zogulira gitala wa m'sitolo. Amatola chigubu chomwe mudali mafuta, nasema mtengo wa khosi lake, nakunga nsambo za waya wa mabuleki a njinga, ndipo dzuwa likamalowa banjo yayamba kale kulira pakhonde. Vuto limadza akaitanidwa ku ukwati kapena akafuna kuimba pamsika, pakuti kumeneko amapezako zokuzira mawu zikuluzikulu zimene zimameza kulira kwa banjo yake, mwakuti anthu amangoona zala zikuyenda koma osamva kanthu. Oimba ambiri aluso adapachika zoimbira zawo kudenga pa chifukwa chimenechi. Nkhani ino ikufotokoza m'mene mawu a nsambo amasandukira magetsi, m'mene tizipangizo tochepa timawasinthira, ndi chifukwa chake munthu wodziwa kukonza wailesi sali kutali ndi luso limeneli.

Poyamba ndi bwino kukumbukira kuti kudzipangira zoimbira ndi mwambo umene watchukitsa Malawi kunja. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, adayamba kuwajambula m'chaka cha 1967, adali ndi besi ya nsambo imodzi yomangidwa pa bokosi. Alan Namoko, amene adamwalira mu 1995, adadziwika m'dziko lonse ndi banjo chabe. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni wa waya wochotsa m'tayala la galimoto ndi chikopa cha ng'ombe, ndipo a Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene adayambira kuimba m'misewu ya ku Lilongwe, adakafika pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 atanyamula babatoni wopanga okha. Chimene chatsalira m'mbuyo ndi mbali ya magetsi.

Tsono mawu a nsambo amalowa bwanji m'waya? Pansi pa nsambo za gitala wamagetsi pamakhala kachipangizo kotola mawu, ndipo m'kati mwake mulibe chozizwitsa chilichonse koma maginito wokulungidwa ndi waya wamkuwa wowonda ngati tsitsi. Pa magitala a kufakitale wayayo amazungulira nthawi pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikagwedezeka pamwamba pa maginito imasokoneza mphamvu yake, ndipo kusokonezeka kumeneko kumabala magetsi ochepa kwambiri m'waya wamkuwa uja, amene amakwera ndi kutsika mofanana ndendende ndi kugwedezeka kwa nsambo. Nsambo yaikulu ya gitala imagwedezeka nthawi 82 pa sekondi imodzi, choncho magetsi akenso amakwera ndi kutsika nthawi 82. Apa woimba wa kumudzi ali ndi mwayi, chifukwa waya wa mabuleki ndi waya wa m'tayala zonse ndi zitsulo zimene maginito amagwira. Amene adakunga nsambo za nayiloni wophera nsomba sangathandizidwe ndi maginito. Iye ayenera kufuna kachimbale kamkuwa kopyapyala kamene kamaliza mawotchi ndi zidole za ana, nakamata pa thupi la choimbira chake, pakuti kameneka kamatola kugwedezeka kwa thabwa kapena chikopa.

Wokayika kuti zoterezi zingatheke popanda sitolo amve za Mingiedi Mawangu wa ku Congo. Iyeyu adali woyendetsa galimoto ndiponso woimba likembe, choimbira chofanana ndi sansi, ndipo adayambitsa gulu la Konono No. 1 m'zaka za m'ma 1960. Ataona kuti phokoso la mzinda wa Kinshasa likumeza nyimbo zake, adatola maginito m'zitsulo za galimoto zakufa, nakulunga waya, nadzipangira zotolera mawu. Mawu amene adatuluka adali aukali, osasa ndi onjenjemera, ndipo iye sadawayese olakwika. Chimbale chawo chotchedwa Congotronics chitatuluka mu 2004, oimba a ku Ulaya ndi ku America adachita nacho chidwi chachikulu, ena nayamba kufunafuna njira zotengera kulira komweko.

Kusasa kumeneku ndiko mtima wa nkhani yonse. Pakati pa gitala ndi chokuzira mawu oimba amaika kabokosi kachitsulo kamene amakayatsa ndi kukazimitsa ndi phazi popeza manja onse ali pa nsambo, ndipo n'chifukwa chake amakatcha pedulo, dzina lomwe lija la popondera njinga. Timabokosi timeneti tilipo tamitundumitundu: tina timabwereza mawu monga m'mene phanga limayankhira, tina timawalizitsa ngati khanda. Koma kakale ndi kosavuta kupanga ndi kamene Angerezi amati fuzz, kosasitsa mawu. M'kati mwake muli mathiranzisita amene ntchito yawo ndi kukuza magetsi ochokera ku nsambo. Thiranzisita siingatulutse mphamvu yoposa imene batire likupereka, choncho ikakakamizidwa kukuza mopyola muyeso, nsonga za mafunde a magetsi zimadulidwa, monga wogulitsa chimanga amene amasesa mulu wa pamwamba pa ndowa ndi dzanja kuti zilingane ndi mlomo wake. Funde lodulidwa nsonga limamveka m'khutu ngati kulira kwa njuchi, ndipo limakhalitsa lisanazime.

Chodabwitsa n'chakuti zimenezi zidayamba mwangozi. Mumzinda wa Nashville, pojambula nyimbo ya Marty Robbins yotchedwa Don't Worry imene idatuluka mu 1961, mbali ina ya makina ojambulira idawonongeka, ndipo besi ya Grady Martin idatuluka yosasa. Nyimboyo idakondedwa chomwecho. Wojambulayo, Glenn Snoddy, adapanga kabokosi kotulutsa dala kulira komweko, ndipo kampani ya Gibson idayamba kukagulitsa mu 1962 pa dzina lakuti Maestro Fuzz-Tone. Malonda adayenda mwaulesi kufikira 1965 pamene Keith Richards wa gulu la Rolling Stones adakagwiritsa ntchito m'nyimbo ya Satisfaction. Chaka chotsatira kampani ya Arbiter ku London idatulutsa Fuzz Face, kabokosi kozungulira kamene Jimi Hendrix adakatchukitsa. Sipadapite nthawi kulira kumeneku kudafika kwa anansi a ku Zambia, kumene magulu a WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family a Paul Ngozi adaumba nako nyimbo za Zamrock m'zaka za m'ma 1970.

Komatu khutu la kuno silidaphunzire kukonda mawu osasa kwa Azungu. Wosema sansi amamangirira tizitsekero ta mabotolo kapena tizigoba kuti tizinjenjemera pamodzi ndi mano a sansiyo. Oimba ulimba ku chigwa cha Shire amaboola zikho zokuzira mawu ndi kumatapo kansalu koyera ka kangaude kuti mawu atuluke ndi mkokomo. Woimba ng'oma amamata phula pakati pa chikopa kuti asinthe kulira kwake. Onsewa ndi amisiri osintha mawu, ndipo chimene mainjiniya a ku Nashville adachipeza makina atawonongeka, agogo a kuno adachifuna dala kalekale.

Fuzz Face imene oimba amaitamanda chotere ili ndi tizipangizo 11 tokha: mathiranzisita 2, tochepetsa mphamvu ya magetsi 4, tosunga magetsi 3, ndi zopotokola 2 zonga zija zokwezera mawu pa wailesi. Imayendera batire la mavoti 9, ndipo imadya moto wochepa kwambiri mwakuti batire limodzi limakhala nthawi yaitali. Izi zikutanthauza kuti nyumba yopanda magetsi a ESCOM siili kunja kwa nkhaniyi. Mitundu yonse ya tizipangizoti imapezeka m'wailesi zakufa, kaya ndi za Nzeru zija zidali m'nyumba zambiri, kaya ndi zina za makaseti. Chofunika ndi chithunzi cha kalumikizidwe kake, chimene chimapezeka mosavuta pa intaneti ngakhale pa foni ya m'manja, mtovu wowotcherera, ndi chitsulo chosungunulira mtovuwo. Okonza wailesi a kumidzi akhala akutenthetsa chitsulo chotere pa mbaula ya makala kwa zaka zambiri. Chitini cha nsomba chimakwana kukhala nyumba ya zonsezi, ndipo chitsulo chake chikalumikizidwa ku waya wa pansi chimatchinga phokoso lochokera kunja. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adamanga makina a mphepo opangira magetsi mu 2002, adayambira pa kumasula wailesi zakufa momwemu. Pakhale chenjezo limodzi lokha: wailesi ya agogo imene ikulankhulabe siili m'gulu la zakufa.

Pali mfundo ina imene munthu wa ku Phalombe ayenera kuisunga. Mathiranzisita a m'wailesi za m'ma 1960 ambiri adali a mwala wotchedwa germanium, ndipo oimba amawakonda chifukwa kusasa kwake n'kofewa. Koma germanium sagwirizana ndi kutentha. Kabokosi kamene kadalira bwino m'mawa wa mwezi wa June kangathe kutsamwa masana a October katasiyidwa padzuwa. Mathiranzisita a silicon, amene ali m'wailesi zapambuyo pake, salabadira nyengo chotere, ngakhale mawu ake ndi akuthwa. Ndiponso ambiri a germanium amafuna kuti batire lilumikizidwe motembenuza poyerekeza ndi a silicon, choncho mmisiri ayenera kuwerenga nambala yolembedwa pa thiranzisita asanawotcherere.

Sinthesaiza ndi mbale wake wa kabokosi kameneka, koma iyo siidikira nsambo. Imadzipangira yokha mafunde a magetsi, ndipo woimba amangosankha kuti akwere ndi kutsika kangati pa sekondi. Akafika pa 440 khutu limamva liwu limene oimba amatcha A, ndipo akawirikiza kawiri kufika pa 880 limamva liwu lomwelo koma lokwera. Robert Moog, amene adaonetsa sinthesaiza yake mu 1964, adayamba ndi kugulitsa zipangizo zoti anthu azikalumikiza okha kunyumba. Makina ake oyamba adali aakulu ngati kabati, koma lero kachipangizo ka miyendo 8 kotchedwa 555, kamene kadayamba kugulitsidwa mu 1972, kamatha kuliza sipika ndi batire limodzi, ndipo kupotokola chokwezera kumasintha liwu lake. Sikangalowe m'malo mwa kiyibodi ya kwaya ya kutchalitchi, ndipo wonena kuti kangatero akunama, koma ndi poyambira pabwino kwa mwana wa sukulu wofuna kumvetsa chimene chimachitika m'kati mwa kiyibodiyo.

Kumaiko a kunja zinthu zimenezi zidasanduka malonda aakulu, ndipo alipo anthu amene amasonkhanitsa timabokosi takale monga ena asonkhanitsira masitampa. Chitsanzo chodziwika ndi Klon Centaur, imene Bill Finnegan wa ku Boston adayamba kupanga pamanja mu 1994. Adapanga pafupifupi 8,000, ndipo adathira utomoni wakuda pa tizipangizo ta m'kati kuti anthu asaone kalumikizidwe kake. Anthu ena adakanda utomoniwo nalemba zonse poyera, kotero kuti lero aliyense angathe kupanga yofanana nayo pa mtengo wochepa, komabe zoyambirira zija zimagulidwa ndi madola zikwi zingapo. Apa n'zoonekeratu kuti wogula akulipira dzina ndi kusowa kwa chinthucho, pakuti m'chipinda cha mdima ndi oimba ochepa amene angasiyanitse ziwirizo. Woimba wa kuno, amene ndalama zake zimachokera ku nandolo ndi mpendadzuwa, asatengeke ndi maina. Akapita kwa okonza wailesi ku Limbe kukagula kapena kusinthanitsa zipangizo, anyamule choimbira chake ndipo amve ndi makutu ake asanalipire, chifukwa mathiranzisita akale ambiri amadontha magetsi ngakhale akuoneka abwino, ndipo alipo ochenjera amene amadinda nambala zotchuka pa mathiranzisita wamba.

Za ngozi nazo zisabisidwe. Batire la mavoti 9 silingaphe munthu, koma magetsi a pakhoma ndi a mavoti 230, ndipo wailesi za kanema zakale ndi zokuzira mawu za mababu zimasunga moto woopsa m'kati mwake ngakhale zitazimitsidwa. Wophunzira asazitsegule zimenezo popanda mmisiri wodziwa. Batire la galimoto kapena la sola, limene ambiri amayendetsera zokuzira mawu, lingathe kuyatsa moto waya ziwiri zikagundana, choncho pafunika fyuzi. Utsi wa mtovu suyenera kupumidwa, ndipo ntchitoyi ichitikire pabwalo, mmisiri nasamba m'manja asanakhudze nsima.

Wofuna kuyamba ayambire pa chotolera mawu, pakuti popanda icho zina zonse n'zachabe. Akachimaliza achilumikize ku chokuzira mawu chaching'ono ndi kugogoda maginito ndi msomali. Sipika ikayankha, wayayo sadaduke. Kabokosi kosasitsa kabwere pambuyo, ndipo kakakana kulira tsiku loyamba, monga kamachitira kawirikawiri, ayang'ane mfundo za mtovu imodziimodzi asanaimbe mlandu thiranzisita, chifukwa mfundo yotuwa ndi yamabwinja ndiyo imadula magetsi nthawi zambiri. Pomaliza akayese pamodzi ndi sipika imene adzaimbire ku ukwatiko, ataima cham'mbali osati kutsogolo kwake, popeza kachimbale komata pa chigubu kamatola msanga mawu a sipika ndi kuyamba kulira mluzu wosatha.