Chotupa cha mu Mtima Chimene Si Khansa

Tikamva za chotupa, ambirife timaganiza za khansa. Komatu zotupa zambiri zoyambira mu mtima si khansa ayi. Chofala kwambiri mwa akuluakulu madokotala amachitcha myxoma. Kawirikawiri chimamera m'chipinda cham'mwamba chakumanzere kwa mtima, chitalendewera ngati chipatso pa kanthambi.

Ngakhale sichifalikira m'thupi, chotupachi n'choopsa. Mtima ukamagunda, icho chimagwedezeka ndi kutsekereza khomo lodzera magazi. Wodwala amabanika, amamva chizungulire, mwinanso kukomoka kumene, makamaka podzuka kapena potembenuka. Tizidutswa take tikanyotsoka, tingathe kukatseka mitsempha ya mu ubongo, munthu n'kufa ziwalo.

Mankhwala akumwa sangachisungunule. Madokotala akachiona ndi makina ounikira mtima, amachita opaleshoni. Makina ena amagwirizira ntchito ya mtima ndi mapapo pamene iwo akuchotsa chotupacho pamodzi ndi tsinde lake. Woyamba kuchichotsa bwinobwino motere anali Dokotala Clarence Crafoord wa ku Sweden, m'chaka cha 1954. Odwala ambiri amachira, ndipo sikawirikawiri kuti chimerenso.

Tsono omvera, kubanika ndi kukomoka kosadziwika chiyambi chake musakunyozere. Fulumirani kuchipatala.