Wansembe Wouluka

Ndege ikamalira kumwamba ana athu amathamangira pabwalo kukaiona, ife akulu nkumati nchombo cha anthu achuma. Tamverani tsono mbiri ya wansembe amene anaisandutsa mtumiki wa odwala.

Dzina lake ndi Bambo Paul Schulte, wa ku Germany, wa chipani cha Oblate a Maria. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 anaphunzira kuyendetsa ndege, ndipo nkhondo itatha analandira unsembe. Anali ndi bwenzi lake lapamtima, Bambo Otto Fuhrmann, amene anakalalika Mthenga Wabwino pakati pa Aovambo, m'dziko lotchedwa Namibia lero. M'chaka cha 1925 Bambo Fuhrmann anagwidwa ndi malungo ndi chibayo. Chipatala chinali kutali, galimoto panalibe. Anayenda nawo masiku angapo m'dziko lamchenga, koma pofika nthenda inali itakula, namwalira.

Atamva za malirowo, Bambo Schulte anazindikira kuti chinapha mnzake si nthenda yokha ayi, komanso kutalika kwa njira. Chisoni chake sichinathere m'misozi. M'chaka cha 1927 anayambitsa bungwe la MIVA, losonkhetsa ndalama kwa akristu zogulira amisiyoni magalimoto, mabwato ndi ndege. Mu 1936 anapereka nsembe ya Misa m'chombo chachikulu chouluka ndi mpweya, dzina lake Hindenburg, chili pamwamba pa nyanja ya Atlantic.

Koma ntchito yake yoposa zonse inachitika mu 1938, kumpoto kwa dziko la Canada, kumene nyanja imauma ndi chisanu. Uthenga unafika pa wailesi kuti Bambo Julien Cochard, wotumikira anthu a mtundu wa Inuit, ali chigonere ku Arctic Bay, kopanda dokotala. Bambo Schulte ananyamuka ndi ndege yake yotera pamadzi, napyola nkhungu ndi mphepo yoopsa, natenga wodwalayo kunka naye ku chipatala cha Chesterfield Inlet. Ameneyo anachira. Chimene sanathe kuchitira bwenzi lake anachichitira mbale wina.

Nanga ife a kumudzi, opanda ndege, titolapo chiyani? Mdani amene wansembeyu analimbana naye ali pakati pathu ndithu, ndiye kuchedwa. Kangati taona mwana atatentha thupi, makolo nkumati tione mawa? Kangati taitana wansembe wodwala atasiya kale kulankhula? Wokhala ndi njinga kapena ngolo asaiumire mnansi wake usiku, pakuti imeneyo ndiyo ndege ya mudzi wathu.

Ndipo ndege ikadzadutsanso, tiphunzitse ana kunena Tikuoneni Maria mmodzi, kupempherera onse ali m'menemo. Paja mu 1920 Papa Benedict XV anaika Maria Woyera wa ku Loreto akhale nkhoswe ya oyenda mlengalenga.