Commodore 65, kompyuta imene anthu anaimva koma sanaione m'sitolo

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu a ku Germany, Britain ndi America amene anali ndi kompyuta ya Commodore 64 m'nyumba zawo ankanong'onezana nkhani imodzi. Ankati ku West Chester, m'chigawo cha Pennsylvania, kampani ya Commodore ikupanga mwakachetechete mng'ono wa kompyuta yawoyo, wamphamvu ndi waliwiro kuposa mkulu wake. Mphekeserayi inafika mpaka m'magazini a makompyuta. Koma m'masitolo munali zii.

Kuti timvetse chifukwa chimene nkhaniyi inkawasowetsera anthu tulo, tiyambe taiona kaye Commodore 64 yeniyeniyo. Inatuluka mu 1982 pa mtengo wa madola 595. Kompyuta yonse inali mkati mwa kiyibodi yonenepa, ndipo munthu ankangoilumikiza ku wailesi ya kanema ya pabalaza. Ukaiyatsa, pagalasi pankabwera mtundu wa buluu, pamwamba pake mawu okuuza kuti watsala ndi mabayiti 38911 oti ugwiritse ntchito, kenako liwu limodzi loti READY ndi kachizindikiro kophethira kodikira kuti ulembe. Malo ake onse okumbukira zinthu anali makilobayiti 64, moti chithunzi chimodzi chojambula ndi foni ya masiku ano sichingakwanemo. Masewera ambiri ankabwera pa kaseti, yofanana ndendende ndi ya nyimbo. Unkalemba LOAD, n'kudina batani la kasetiyo, n'kudikira mphindi zingapo kuti seweroli lilowe. Chimene chinkakoka mitima kwambiri chinali kachipangizo ka mawu kotchedwa SID, kamene anakapanga Bob Yannes. Kankatha kuimba mawu atatu okha nthawi imodzi, koma mpaka lero alipo anthu amene amapeka nako nyimbo. Makompyuta a mtunduwu anagulidwa oposa 12 miliyoni.

Pofika 1990 ukalamba unali utaonekera. Commodore yomweyo inali itatulutsa kale Amiga 500 mu 1987, ndipo ana anali atayamba kulirira makina a masewera a Nintendo ndi Sega. Wina angafunse kuti bwanji eni ake a Commodore 64 sanangogula Amiga. Yankho linali pa mashelefu awo. Munthu amene wakhala ndi Commodore 64 zaka zisanu ndi zitatu anali ndi makatoni a makaseti ndi madisiki, mapulogalamu amene anawakopera yekha kuchokera m'magazini mzere ndi mzere usiku wonse, makalata ndi maakaunti a pakhomo. Zonsezi Amiga sinkazidziwa. Kusamuka kunali kutaya chuma ndi luso limene unalipeza movutikira. N'chifukwa chake mphekesera ya kompyuta yatsopano yoti izitha kuwerenga zakalezo inkakoma kuposa malonda alionse.

Ndipo mphekeserayo inali yoona. Mu 1990 ndi 1991 kagulu ka mainjiniya a Commodore, m'modzi mwa iwo Fred Bowen, kanapangadi makinawo. Ankatchedwa Commodore 65, pena C64DX. Purosesa yake inkathamanga pa 3.54 MHz pomwe yakale ija inkakwawa pafupifupi pa 1 MHz. Malo okumbukira anali makilobayiti 128. Commodore 64 inkadziwa mitundu 16 yokha, koma iyi inkatha kuonetsa 256 nthawi imodzi, yosankhidwa pa mitundu 4096. Tizipangizo ta SID anaikamo tiwiri kuti mawu azituluka mbali zonse. Kudzanja lamanja kwa kiyibodi kunali polowetsa disiki ya mainchesi 3.5, osafunanso bokosi lapadera. Ndipo chimene anthu ankachiyembekezera chija chinalipo: ukalemba GO64, makinawo ankasanduka Commodore 64, ngakhale si mapulogalamu onse akale amene ankayenda bwino.

Makampani a makompyuta ali ndi chifukwa choopera kulankhula msanga. Mu 1983 Adam Osborne anaulula za makompyuta ake atsopano asanafike pogulitsidwa. Ambiri amati ogula ndi eni masitolo anasiya kutenga kompyuta yake yakale kudikira atsopanowo, ndipo mu September chaka chomwecho kampani yake inagwa. Kuyambira pamenepo aliyense pa malondawa amadziwa kuti mphekesera imatha kupha katundu amene ali kale pa shelefu. Wogula amakhala ngati munthu wa pasiteji amene wamva kuti basi ikubwera, ndiye akukana matola alionse. Commodore 64 inali ikubweretsabe ndalama, makamaka ku Ulaya, ndipo palibe amene ankafuna kuisokoneza.

Koma basiyo sinafike. Mu 1991 wapampando wa kampani, Irving Gould, anaimitsa ntchitoyo. Chifukwa chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'choti Commodore 65 ikanalanda makasitomala a Amiga 500, chifukwa pa zithunzi ndi pa mtengo ziwirizi zikanayandikana kwambiri. Ine maganizo amenewa ndimawamva, koma sindigwirizana nawo. Munthu wa makatoni a makaseti uja sanali kasitomala wa Amiga. Akanakhala wotero akanagula kalekale, poti Amiga 500 inali itakhala m'sitolo zaka zinayi. Iye ankadikira chinthu china, ndipo atatopa kudikira, ambiri ngati iye anapita ku makompyuta a mtundu wa IBM PC n'kutsanzikana ndi Commodore mpaka kalekale. Chimene chimandiwawa n'choti kampani imene inali ndi anthu mamiliyoni oikonda inawaona ngati chiopsezo pa malonda ake ena. Mu 1990 kampani yomweyo inapeza ndalama zotulutsira C64GS, Commodore 64 yochotsedwa kiyibodi kuti ikhale ya masewera okha, ndipo inakanika kugulidwa.

Mu April 1994 Commodore inagwa. Katundu wa m'nyumba zake zosungiramo zinthu atagulitsidwa, makina oyesera a Commodore 65 anafika m'manja mwa anthu wamba, ndipo m'pamene ambiri anaona ndi maso awo kuti zimene ankamva zija sizinali nthano. Amene anawayatsa anapeza ntchito yosiyidwa panjira. Chilankhulo chake cholembera mapulogalamu, BASIC 10, chinali ndi malamulo ena amene dzina lake lilipo koma ukawalemba makina amangokuyankha kuti lamuloli silinakonzedwe. Makina awiri ukawaika pamodzi umatha kupeza kuti mkati mwake ndi mosiyana, chifukwa mainjiniya anali akusinthabe zinthu tsiku limene anauzidwa kuti asiye. Lero amene ali nawo amawasunga ngati golide, ndipo pa eBay agulitsidwapo pa mitengo yoposa mayuro 20,000.

Anthu ena sanafune kungosunga zotsalira. Mu 2015 bungwe losafuna phindu la ku Germany, Museum of Electronic Games and Art, pamodzi ndi katswiri wa ku Australia, Paul Gardner-Stephen, linalengeza kuti limaliza ntchito imene Commodore inaisiya. Makina awo anawatcha MEGA65. Amagwiritsa ntchito tchipi cha mtundu wa FPGA, chimene umatha kuchikonza kuti chizichita ngati tizipangizo takale tija, ndipo amathamanga pafupifupi 40 MHz. Thupi lake analiumba motsanzira la Commodore 65, ndi polowetsa disiki kudzanja lamanja pomwepaja. Oyamba kuitanitsa anayamba kulandira makina awo mu 2022, patatha zaka 31 chiimitsireni ntchito ija.