Mbaula Ikali Mfumu mu Chaisa

Ikakwana 17 hours mu Chaisa, sufunika nkoloko. Utsi wa mbaula ndiwo ukuuza kuti nthawi ya nsima yafika. Mu nyumba zambiri sitovu ya malaiti ilimo, koma inasanduka shelufu yoikapo mapoto.

Vinthu vinafika poipa mu 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 February President Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ni tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, Zesco nayo n'kuyamba kutipimira malaiti monga mankhwala. Pofika September, ena anali kukhala maola 21 pa tsiku opanda malaiti. Ba barbershop, ba welding, ba saluni, onse anangokhala. Ngakhale ma studio a mu komboni, kumene ine nimatola nkhani zanga, kunali zii, kupatula kwa producer wa ka genset.

Manje nkhani ili apa. Mu pangano la Paris, Zambia inalonjeza kuti pofika 2030 izachepetsa utsi woononga nyengo na 25 peresenti, olo 47 ngati maiko ena athandiza na ndalama zokwanira. Utsi wathu wambiri suchokera ku mafakitale iyayi, uchokera ku kudula na kutentha mitengo. Mu April 2024 a Collins Nzovu, nduna ya Green Economy nthawi ija, analetsa ma permit ootchera malasha ku Mumbwa, Shibuyunji na Itezhi-Tezhi.

Papepala vimveka bwino. Koma kauzeni amai a vitumbuwa kuti aleke malasha, muone mwamene azakuyang'anirani. Gasi ni yabwino, sitikana, koma silinda na sitovu vifuna ndalama pakamodzi. Malasha ugula ka pulasitiki ka lelo chabe, va mailo uzaona mailo. Ndiponso thumba limodzi lidyetsa manyumba angapo: wootcha kumudzi, wa thiraki, mnyamata wa wilibala, amai opimitsa pa msika.

Boma nalo lili na mbaula yake. Malaiti atavuta, linavomereza kuti ku Maamba, kumene apanga 300 megawatts na malasha a mu mgodi, aonjezepo 300 ina. Nanga ngati boma lathawira ku malasha, wa mu Chaisa athawire kuti?

Solar yabwera, inde. Ya ku Chisamba, ya 100 megawatts, inatsegulidwa mu June 2025. Koma ka panel ka pa malata kangoyatsa babu na kuchaja foni. Nyemba zikali kuyembekeza mbaula.